Chitupa cha Wothamanga

Usiku wa pa 8 Ogasiti 2024, m'bwalo la Stade de France ku Paris, anyamata asanu ndi atatu anandanda pamzere kuti alimbirane mendulo za Olimpiki pa mtunda wa mamita 200. Awiri mwa iwo anali a ku Zimbabwe. Letsile Tebogo wa ku Botswana ndiye anatenga golide pa masekondi 19.46, Tapiwanashe Makarawu anafika wachisanu ndi chimodzi, ndipo Makanakaishe Charamba anatsekera. Ife tinaonera mpikisanowu pa kanema wa m'sitolo ina m'chigwa cha Mazowe, jenereta ikulira kuseri, anthu atadzaza mpaka pakhonde. Palibe amene anadandaula kuti mendulo sinabwere. Amuna ena amene sanapondepo pa yunivesite ankamenya pachifuwa n'kumati Makarawu ndi wathu, poti anadutsa pa National Sports Academy ya ku Bindura University of Science Education, pamtunda woti munthu angapalase njinga kuchokera pamene tinakhalapo.

Patapita miyezi khumi, mu Juni 2025, anyamata omwewa anakumananso ku Eugene m'chigawo cha Oregon, pa mpikisano waukulu wa makoleji a ku America umene umayendetsedwa ndi bungwe la NCAA. Makarawu anapambana pa masekondi 19.84, Charamba n'kumutsatira pa 19.92. Kwathu kuno tinakondwa, ndipo n'zoyenera. Koma pali kanthu kena m'mbiri ya anyamata awiriwa kamene timangokadumpha ngati chitsa cha m'njira. Pa mpikisanowu onse awiri sankaimira koleji imene anafikira. Makarawu anayambira ku New Mexico Junior College, koleji ya zaka ziwiri ya m'tauni ya Hobbs, asanapite ku University of Kentucky. Charamba anayambira ku Carson-Newman ku Tennessee, sukulu yaing'ono ya m'gulu lachiwiri la NCAA, kenako anasamukira ku Auburn ku Alabama. Kusamuka ndiko kunawafikitsa kwa makochi, mabwalo ndi mipikisano ya msinkhu wawo.

Ku America komweko kusamuka kotere kwadzetsa maliro. Mukamvetsera makochi ena ndi olemba nkhani za masewera, dandaulo lawo ndi limodzi: ana a masiku ano alibe kukhulupirika, akangoona kuti kwina kukufuka utsi wa nyama amanyamula chikwama, ndipo masewera a m'makoleji asanduka msika. Ine ndikutsutsana nalo dandauloli. Ndikutsutsananso ndi iwo amene akuimba nthungululu kuti wothamanga wamasuka ndipo nkhani yatha. Khutu limene ndikumvera nalo nkhaniyi ndi la mwana wa pakomboni, ndipo limamva mawu ena mosiyana ndi mmene amamvekera ku Alabama.

Agogo anga aamuna anachoka kwawo cha ku Dedza ali mnyamata, kudzera ku Tete ndi Mutoko, monga anachitira machona ambiri. Anagwira ntchito pa mapulazi a fodya mpaka msana unapindika, ndipo chuma chimene anasiya ndi chitini cha masikono chokhala ndi mapepala. M'chitinimo munali chitupa chawo. Pa chitupa cha m'nthawi ya Rhodesia bwana ankalembapo tsiku limene munthu wayamba ntchito, malipiro ake, ndi tsiku limene wamumasula. Popanda siginecha yomasulayo munthu sankatha kukalembedwa ntchito kwina. Lamulo la Masters and Servants la mu 1901 linkaona kuchoka pantchito popanda chilolezo ngati mlandu wa kupolisi, woti munthu n'kulipira faindi kapena kulowa ndende, ndipo antchito a m'mapulazi anakhala pansi pa lamuloli mpaka nyengo ya ufulu. Malipiro olembedwa pa chitupa ankamutsatira munthu kulikonse, moti bwana watsopano ankadziwiratu mtengo umene mnzake anamugulira. Charles van Onselen, m'buku lake la mu 1976 lotchedwa Chibaro, anafotokoza mmene anthu a m'migodi ankalimbanirana ndi dongosolo lomweli: kuthawa usiku, kusintha dzina, kupeza chitupa china, ndi kuuzana panjira mgodi umene uli ndi bwana wankhanza. Agogo ankaseka akamanena kuti anakhalapo ndi mayina atatu.

Chimene chimandikhudza n'chakuti bwana wa pulazi sankati akumanga munthu. Ankati akumusamala. Ankamupatsa nyumba ya pakomboni, ufa, nyemba, ngongole ya kusitolo, ndi galimoto yopita kuchipatala usiku mkazi akadwala. Blair Rutherford, amene anakhala ndi antchito a m'mapulazi a ku Hurungwe n'kulemba buku la Working on the Margins mu 2001, anautchula moyo umenewu kuti ndi ulamuliro wa pakhomo: pulazi linkayendetsedwa ngati banja, mwini wake ali tate, malamulo a boma akuthera pageti. M'banja lotere wochoka amatchedwa wosayamika. Choncho ndikamva kochi wolandira mamiliyoni akunena kuti timu yake ndi banja, ndi kuti mnyamata wosamuka wasiya abale ake, mawuwo sindikuwamva koyamba.

Tiyeni tione malamulo amene akulilidwawo. Kufikira mu 2018, wophunzira wosewera m'gulu lapamwamba la NCAA akafuna kusamuka ankayenera kupempha kaye chilolezo kusukulu yake kuti sukulu ina ilankhule naye. Sukulu yake ikakana, ina ija sinkaloledwa kumulipirira maphunziro kwa chaka chathunthu. Makochi ena ankalemba mndandanda wa masukulu amene mwanayo saloledwa kupitako, makamaka opikisana nawo. M'masewera asanu, omwe ndi mpira wa chiamerika, basiketibo ya amuna, basiketibo ya akazi, baseball ndi ice hockey ya amuna, wosamuka ankakhala chaka chonse osasewera. Othamanga ngati Charamba anali ndi mpata wosamuka kamodzi popanda kukhala pansi, koma mpatawo unkadalira kuti sukulu yakale ilembe kuti ilibe chotsutsa. Imeneyi ndi siginecha ya pa chitupa, yangovala jekete. NCAA inkati chaka chokhala pansicho n'chothandiza mwana kuzolowera sukulu yatsopano. Funso limene silinayankhidwe bwino n'lakuti, n'chifukwa chiyani kuzolowerako kunkavuta kwambiri ana a m'masewera amene amabweretsa ndalama, pomwe woimba m'kwaya kapena wophunzira udokotala ankasamuka n'kupitiriza zake mawa lomwe.

Ngakhale dzina lakuti “student-athlete” lili ndi mbiri yake. Walter Byers, amene anatsogolera NCAA kuyambira mu 1951 mpaka mu 1987, anavomereza yekha m'buku lake la mu 1995, Unsportsmanlike Conduct, kuti dzinali analikonza pofuna kuti makhoti asamaone osewera ngati antchito oyenera chipukuta misozi akavulala. Mu 1955 Ray Dennison anamwalira atavulala m'mutu akusewerera Fort Lewis A&M ku Colorado. Mkazi wake atapempha chipukuta misozi cha wantchito, khoti lalikulu la m'chigawocho linamukaniza. Kuyambira mu 1973, kwa zaka pafupifupi makumi anayi, thandizo la maphunziro la wosewera linkaperekedwa la chaka chimodzi chimodzi, kochi n'kumasankha kuliwonjezera kapena ayi. Taonani mmene chingwe chinamangidwira: sukulu inali ndi ufulu womusiya mwana chaka chikatha, mwana analibe ufulu womasuka wosiya sukulu.

Ndipo ndalama zinalipo, zochuluka. Mu 2016 makampani a CBS ndi Turner anawonjezera mgwirizano wawo woonetsa mpikisano wa basiketibo ya amuna ndi madola 8.8 biliyoni pa zaka zisanu ndi zitatu. Kumapeto kwa Novembala 2021, Lincoln Riley anasiya timu ya Oklahoma kupita ku USC, ndipo m'masiku omwewo Brian Kelly anasiya Notre Dame kupita ku LSU pa mgwirizano wa zaka khumi wa madola pafupifupi 95 miliyoni. Palibe amene anawauza kuti akhale pansi chaka kuti azolowere. Anyamata amene makochiwa anawanyengerera m'nyumba za makolo awo anatsala okha ndi malonjezo. Kukhulupirika kumene kumafunidwa kwa wamng'ono yekha, kwathu timakudziwa dzina lake.

Mpanda umenewu unagwa msanga kuposa mmene ambiri ankaganizira. Mu Okutobala 2018 kunatsegulidwa kaundula wa pa intaneti wotchedwa transfer portal, mmene wosewera amangodziwitsa sukulu yake kuti akuchoka, osapemphanso. Mu Epulo 2021 aliyense analoledwa kusamuka kamodzi n'kusewera nthawi yomweyo. Mu Juni chaka chomwecho, pa mlandu wa NCAA v. Alston, oweruza onse asanu ndi anayi a khoti lalikulu la America anagamula motsutsana ndi NCAA, ndipo Brett Kavanaugh analemba kuti kayendetsedwe ka bungweli kakanakhala kophwanya lamulo pafupifupi m'bizinesi ina iliyonse ya m'dzikomo. Pa 1 Julayi osewera analoledwa kupeza ndalama ndi dzina ndi nkhope zawo. Mu Disembala 2023 woweruza John Preston Bailey ku West Virginia anaimitsa lamulo loletsa kusamuka kachiwiri, ndipo mu Epulo 2024 NCAA inagonja: wophunzira amene maphunziro ake ali bwino angasamuke kangapo konse. Dziwani kuti masitepe akuluakulu pa ulendowu sanabwere chifukwa cha chifundo cha mabwana. Anabwera ndi maloya komanso mantha a milandu.

Sindikunena kuti odandaula aja alibe mfundo ngakhale imodzi. Wosamuka kawirikawiri amataya maphunziro ena amene sukulu yatsopano siyiwawerengera, ndipo digiri imatalikira. Sukulu zazing'ono zasanduka nazale: zimafesa, zimathirira, mbande ikakula wina amadzaizula. Kochi wa pa sukulu ngati Carson-Newman amene anaona luso mwa mnyamata wa ku Zimbabwe ena asanamuone ali ndi chifukwa chomva kuwawa poona dzina la Auburn pachifuwa chake. Koma kuwawa kwa mlimi wa nazale kukonzedwe pakati pa sukulu ndi sukulu. Kumanga mwana mwendo kuti akulu asakangane n'kulipiritsa amene sanadye.

Pali kufanizira kwina kumene ndikufuna kukuchepetsa mphamvu, ngakhale ine ndemwe ndakuyambitsa. Byers anayerekeza maganizo a atsogoleri a masewerawa ndi a eni minda ya akapolo, ndipo Taylor Branch anabwereza fanizoli m'nkhani yake yotchuka ya mu 2011 m'magazini ya The Atlantic. Fanizoli lili ndi choonadi chake, makamaka poona kuti osewera ambiri a mpira ndi basiketibo ndi akuda pomwe ogawana ndalama ambiri ndi oyera. Koma ndikanawauza agogo kuti mnyamata wodya katatu patsiku, wogona pa matiresi, wokhala ndi dokotala wa timu ndi digiri patsogolo pake ali ngati iwo, akanandiyang'ana n'kulavula fodya. Ngonidzashe Makusha anachoka kuno n'kupita ku Florida State, anatenga mendulo ya buronzi pa kulumpha ku Daegu mu 2011, ndipo chaka chomwecho analandira mphotho ya The Bowerman, yoperekedwa kwa wothamanga woposa onse m'makoleji a ku America. Brian Dzingai anadutsa pa sukulu yomweyo. Njira imeneyi yatukula anthu, ndipo mwana aliyense wa pa Glendale kapena Banket atapatsidwa mwayiwo angapite osatembenuka. Chofanana pakati pa pulazi ndi koleji si kukula kwa mavuto. Ndi kapangidwe ka chingwe: pogona, chakudya ndi tsogolo zonse zili m'dzanja limodzi, ndipo dzanja lomwelo ndi losainira kuti uchoke.

Tsono tifike kwa oimba nthungululu. Pa 6 Juni 2025 woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa House v. NCAA. Osewera akale adzagawana madola pafupifupi 2.8 biliyoni pa zaka khumi, ndipo sukulu iliyonse yolowa m'dongosololi inaloledwa kulipira osewera ake mpaka madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Zikumveka bwino mpaka mutafunsa za kagawidwe. Pa ndalama za akale zija, pafupifupi magawo 75 pa 100 alionse akupita ku mpira wa chiamerika, 15 ku basiketibo ya amuna, 5 ku basiketibo ya akazi, ndipo masewera ena onse akulimbirana 5 otsalawo. Mgwirizanowu unabweretsanso malire a chiwerengero cha osewera pa timu, ndipo pa masewera othamanga, kulumpha ndi kuponya malirewo ndi anthu 45. Sukulu zofuna ndalama zolipira osewera mpira zikuyang'ana kumene zingadule, ndipo mpeni umagwera kumene kulibe makamera. M'mwezi womwewo Washington State inalengeza kuti ikusiya masewera olumpha ndi oponya. Masewera amene ana athu amapitira ku America ndi omwe ali kunsi kwa mphika. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ufulu wochoka ulinso ndi nkhope ina imene ife a m'mapulazi tinaiona ndi maso. Chaka cha 2000 chisanafike, mapulazi akuluakulu a m'Zimbabwe ankalemba ntchito anthu oposa 300,000, ambiri mwa iwo m'zigawo zitatu za Mashonaland, ndipo gawo lalikulu ndithu anali ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Minda italandidwa, ulamuliro wa pakhomo uja unatha m'malo ambiri. Lloyd Sachikonye, mu lipoti lake la mu 2003, anapeza kuti antchito ochuluka anataya ntchito ndipo amene analandira malo sanafike ngakhale asanu pa 100 alionse. Lamulo la Statutory Instrument 6 la mu 2002 linalamula kuti ochotsedwa alipidwe, ena analandiradi, ndalamazo n'kusungunuka ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Munthu anamasuka kupita kulikonse, koma kopita kunalibe. Sindikulira bwana wakale, ndipo musandimve motero. Ndikunena kuti geti lotseguka limatulutsa wofuna kutuluka ndi wosafuna yemwe. Mu transfer portal zilinso chimodzimodzi. Wolowamo sukulu yake ikhoza kumuchotsera thandizo teremu ikatha, chaka chilichonse pamakhala ambiri amene salandira foni kuchokera kulikonse, ndipo makochi aphunzira kuuza mwana wovulala kapena wochedwa kukula kuti akayese mwayi kwina. Wa masekondi 19 amasankha. Wa masekondi 21 amasankhidwira.

Kwa mwana wochokera kuno pali chitupa chachiwiri, viza ya F-1. Viza imeneyi imamangirira kukhala kwake m'dzikomo ku sukulu, ndipo imaletsa ntchito zambiri za kunja kwa sukulu. Choncho pamene mnzake wa ku Texas akusaina mgwirizano wotsatsa nsapato, iye amayenera kuyenda mosamala kuti ndalama yomweyo isamuthamangitse m'dziko. Mu 2024 timu ya Auburn imene inapambana mpikisano wopatsirana kamtengo wa 4x100 inali ya anyamata anayi ochokera kunja: Malaysia, Nigeria, South Africa, ndi Charamba wathu. Chikho chinatsala ku Alabama. Malamulo atsopano a ndalama analembedwa ngati kuti anthu otere kulibe. Ndipo akatha thandizo pakati pa chaka, wa ku Texas amakwera basi kupita kwa amayi ake, wa ku Bindura amayamba kuwerenga masiku. Mu Ogasiti 2025 ofesi ya kazembe wa America ku Harare inaimitsa kaye kupereka maviza ambiri, kutikumbutsa kuti khomo lonseli lili ndi mwini wake.

Koma tisathere nkhani kutsidya la nyanja, ngati kuti kwathu kuno manja ndi oyera. M'madera a mapulazi munali mabwalo awiri kuyambira kale. Lina linali ku kalabu ya alimi, la kapinga wothiriridwa, kumene kunachokera osewera kiriketi ngati Eddo Brandes, mlimi wa nkhuku uja amene anagwetsa Angerezi atatu motsatizana ku Harare mu Januwale 1997. Ana a kumeneko ankapita ku Peterhouse ndi Watershed cha ku Marondera kapena ku Lomagundi College kufupi ndi Chinhoyi. Bwalo lina linali kuseri kwa zigafa za fodya, la fumbi, mapolo ake a bulugamu, kumene Lamlungu masana ankasewera mpira, gule wamkulu asanatuluke. Mabwalo awiriwa ankatha kutalikirana mtunda wa kuitana, koma mwana wa pabwalo lachiwiri ankafika pa loyamba ngati wotola mipira basi.

Lero mlatho ulipo, ndipo dzina lake ndi sikolashipu ya masewera. Pa mipikisano ya masukulu, ya NAPH ku pulayimale ndi ya NASH ku sekondale, aphunzitsi a masukulu otchuka amakhala m'mphepete ndi mawotchi awo. Mwana wosavala nsapato akasiya anzake kutali, madzulo omwewo amayi ake amalandira alendo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, amatero akuluakulu, koma mwambiwo umapitiriza kuti ukachenjera manja udya naye. Mwa mabanja amene ine ndikuwadziwa, palibe limene linapatsidwa pepala lonena zimene zidzachitike mwana akathyoka bondo ali Fomu 3. Lonjezo limakhala la pakamwa, pakati pa hedimasitala wa tayi ndi mayi wogwira maganyu amene sangayerekeze kufunsa. Ndipo mwana akafuna kusamukira kwina, kalata yosamukira imatha kugwidwa chifukwa cha ngongole ya fizi, monga mmene ena amagwirira zotsatira za mayeso ngakhale unduna wa maphunziro wakhala ukuletsa. Tikuloza America chala pa zimene iwo asiya, ife tikuzichitabe kwa ana a zaka 14 opanda loya.

Apa ndiyenera kusamala, chifukwa kudzudzula kopanda nzeru kumatseka zitseko. Ku minda ya tiyi ya ku Chipinge kunali dongosolo loti ana azithyola tiyi n'kumaphunzira pa sukulu za kampani. Ambiri analidzudzula kuti n'kugwiritsa ana ntchito, ndipo anali ndi zifukwa. Michael Bourdillon, amene anafufuza za anawo, anachenjeza kuti kwa ochuluka a iwo njira ina yopitira kusukulu kunalibe. Sikolashipu ya masewera ilinso chimodzimodzi: mwana amalipira fizi ndi miyendo yake. Sindikufuna kuti ithe. Ndikufuna kuti ilembedwe papepala, m'chilankhulo chimene kholo likumva, kuti ikhale ya zaka zonse za sukulu osati ya nyengo imene mwana akupambana, ndi kuti kalata yosamukira ikhale ya mwana, ngongole ikatsatiridwe kwa akulu.

Nanga mphunzitsi wa pa sukulu ya kupulazi amene anamupeza mwanayo, amatsala ndi chiyani? Masukulu ambiri a m'madera amenewa anatsegulidwa pambuyo pa 2000 m'nyumba zakale za alimi ndi m'zigafa, osalembetsedwa mokwanira, akudalira sukulu ina kuti ana awo alembe mayeso. Mpira wamiyendo uli ndi yankho, ngakhale lopunduka. Pambuyo pa chigamulo cha Bosman cha mu 1995, FIFA inakhazikitsa malipiro a kulera wosewera, komanso lamulo loti magawo 5 pa 100 a ndalama zogulitsira wosewera kunja agawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Knowledge Musona, mwana wa ku Norton, anadutsa pa Aces Youth Soccer Academy asanapite ku Kaizer Chiefs ndi Hoffenheim, ndipo njira yake ili m'mabuku. Koma ndalama zotere zimatsata timu yolembetsedwa ndi wosewera wolembetsedwa. Timu ya pakomboni siyipezeka m'buku lililonse. Pa masewera othamanga dongosolo lotere kulibe n'komwe. Koleji ya ku America imalandira wothamanga wokhwima popanda kubweza kalikonse kumene anakulira, ndipo ife timathokoza, chifukwa tilibe bwalo, chakudya ndi madokotala oti timusunge nazo. Ngati dandaulo la nazale lili loona ku Tennessee, kuli bwanji ku Shamva?

Pansi pa zonsezi pali pepala limodzi laling'ono. Mwana sangapikisane pa mipikisano ya masukulu popanda chikalata cha kubadwa, ndipo lamuloli lili ndi chifukwa chomveka, poti chinyengo cha zaka chawononga masewera a ana kwa nthawi yaitali. Koma chikalatacho chimafuna kuti makolo akhale ndi zitupa zawo. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo mwa malamulo a dzikolo m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anthu obadwira ku Trelawney ndi Mvurwi, amene sanaionepo Lilongwe, anadzuka ali alendo, chitupa chawo chili ndi chilembo A. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, pa ndime 43, anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linali la dziko la SADC. Koma ndime siyikwera basi kupita kuofesi yolembetsa, ndipo siyipeza mboni ya agogo amene anamwalira ndi mayina atatu. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linalemba kuti anthu pafupifupi 300,000 m'dzikoli ali pachiopsezo chokhala opanda dziko, potengera chiwerengero cha UNHCR. Fuko limeneli linapatsa Zimbabwe Moses Chunga ndi Benjani Mwaruwari, amene anakhala kaputeni wa timu ya dziko. Iwo anakulira m'tauni. Abale awo a m'makomboni amagwa pa mpanda woyamba, mpikisano usanayambe.

Ndili Giredi 7 tinali ndi mnzathu wina amene ankathamanga ngati wathawa njuchi. Analibe chikalata cha kubadwa, chifukwa amayi ake analibe chitupa ndipo bambo ake anapita ku Joni osabwerera. Aphunzitsi athu a masewera, munthu wabwino amene ankagula malalanje ndi ndalama za m'thumba mwake, anabwereka chikalata cha msuweni wake wa mnyamatayo, wa chaka chomwecho. Anamuphunzitsa dzina latsopanolo m'lole yonse popita ku mpikisano wa boma lathu, kuti akaitanidwa asayang'ane kumbali. Anapambana mamita 100 ndi 200. Munthu wina wa ku sukulu yogonera konko anabwera kudzafunsa za iye, n'kulemba m'kabuku kake dzina limene linali pa pepala la zotsatira. Kalata yoitana inafika patapita milungu itatu, m'dzina la msuweni uja, amene ankatsimphina mwendo wakumanzere kuyambira ali khanda. Mabanja awiriwo anakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kulowa, ndipo kalatayo sinayankhidwe.